Thukuta la wopanda mapepala ku Joni: mfundo zofunika kuzilingalira

1. Msonkho sufunsa pasipoti. Mmalawi akalowa ku South Africa amamudindira masiku 30, ndipo kwa ambiri masikuwo amatha ali pa ganyu. Koma pogula m'sitolo palibe amene amamufunsa zimenezo. Pa sopo, shuga, nsapato za mwana ndi mayunitsi a foni, boma limatengapo VAT ya 15 peresenti monga limatengera kwa eni dziko. Ufa ndi buledi wa bulauni ndiye zili m'gulu la zakudya zopanda VAT. Akakwera takisi, m'mafuta a galimotoyo mulinso msonkho. Tisanavomereze mawu oti "alendo amangodya za eni", tiziyamba tawerengera zimenezi.

2. Pali msonkho wina umene woperekayo sadzaudyerera. Ku America, bungwe la ITEP linapeza kuti mu 2022 anthu opanda mapepala anapereka misonkho ya madola 96.7 biliyoni. Mwa ndalamazo, 25.7 biliyoni zinalowa m'thumba la penshoni la Social Security, lomwe iwo saloledwa kutapamo akakalamba.

3. Kukhala m'dziko la eni popanda chilolezo ndi mlandu ndithu, tisanamizane. Koma mlanduwo susandutsa thukuta la munthu kukhala laulere. Mu Malichi 2025, malipiro otsikitsitsa ku South Africa anakwera kufika pa R28.79 pa ola. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA (bungwe lomva madandaulo a pantchito), khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chatha akadali wantchito wotetezedwa ndi malamulo. Vuto ndi mantha. Ndani angakadandaule ku CCMA akudziwa kuti akhoza kukathera ku Lindela, kumalo osungirako alendo opanda mapepala, kudikira basi yomubweza kwawo?

4. Amene amadyerera mantha amenewa ndi bwana. Mwezi ukatha amati "ubwere mawa". Mawa likafika, theka la ndalama aliika pa tebulo, dzanja lina lili pa foni: "Ukalongolola ndiitana apolisi." Chonsecho lamulo la 2002 loona zolowa ndi kutuluka limamuletsa iyeyo kulemba ntchito munthu wopanda mapepala. Anamulemba dala chifukwa ndi wotchipa komanso sangayankhe.

5. Ife otsala kumudzi tizichita manyazi pofunsa. Ndalama ya pa Mukuru imene timaiona ngati yochepa imakhala yotsala pambuyo pa lendi ya kachipinda kogona anthu anayi, thiransipoti, ndi ya "dirinki" ya wapolisi amene anamuimitsa pa msewu Lachisanu madzulo.