Njerwa Yolakwika ndi Changu Chathu

Kodi cholakwa chimasanduka chosakonzeka pa nthawi iti? Funso lakaleli tikukumana nalo m'masamu a akatswiri amene amamanga tinthu tosaoneka ndi maso pogwiritsa ntchito DNA.

Mu 1982 Nadrian Seeman anaganiza zoti tiulusi ta DNA tingakhale zomangira, popeza zilembo zake zimagwirana mwa lamulo: A ndi T, C ndi G. Mu 1998 Erik Winfree, ku Caltech, analongosola m'masamu m'mene tinjerwa ta DNA timadziyalira tokha m'madzi, popanda dzanja la mmisiri. Kanjerwa koyenera kamagwira mbali ziwiri n'kukhazikika. Kolakwika kamagwira mbali imodzi yokha, ndipo sikachedwa kugwa. Koma tinzake tikafika msanga n'kukazinga, kamatsekeredwa m'khoma, ndipo mizere yotsatira imatengera cholakwacho. Masamuwo anaonetsanso mtengo wake: kuti zolakwa zichepe ka 10, ntchito iyenera kuchedwa ka 100.

Pamenepa tidzifunse. Kulakwa n'kwa munthu aliyense. Choopsa ndi changu chathu chomanga pamwamba pake. Bodza la lero likadagwa lokha tikadalipatsa mpata. Koma mawa talichirikiza ndi lachiwiri, mkuja tasanjikapo ulemu wathu ndi wa banja lathu, mpaka kulichotsa kwasanduka kugumula nyumba yonse.

Ena adzati wochedwa amatsalira pamsika, ndipo sakunama. Komabe tizisankha tikudziwa chimene tikugula ndi changucho. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tisanayale mzere wa mawa, tiyambe tayang'ana njerwa za dzulo, zikadali zotheka kuchotsa.