Umboni wa Wochira ndi Umboni wa Kafukufuku

Mawu akuti umboni amagwira ntchito ziwiri m'Chichewa cha masiku ano, ndipo ntchito ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. M'matchalitchi a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, umboni ndi mawu a munthu amene waimirira pamaso pa mpingo kufotokoza kuti anadwala, anapemphereredwa, ndipo tsopano ali bwino. Pomwe ku Kamuzu University of Health Sciences, kufupi ndi chipatala cha Gulupu, umboni ndi zomwe zimatuluka magulu awiri a odwala akayerekezedwa, lina litalandira chithandizo, lina osalandira. Funso lomwe lili pakati pa matanthauzo awiriwa ndi lakale: kodi kuchira kwa munthu n'kokwanira kutsimikiza kuti chomwe anachitiridwa ndicho chamuchiza?

Njira yochizira yotchedwa chiropractic, yomwe ndi kukankha ndi kupotokola mafupa a msana ndi manja mpaka mfundo zake zitalira, ndi malo abwino ofufuzirapo funsoli, chifukwa inabadwira m'chikhulupiriro koma inadzayesedwa kwambiri ndi akafukufuku. Anaiyambitsa ndi Daniel David Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, ndipo iye ankati anatsegula makutu a munthu wina wogontha, Harvey Lillard, pongomuwongola fupa la msana. Palmer ankakhulupirira zolankhula ndi mizimu ya akufa, ankanena kuti nzeru zakezo anazilandira kwa mzimu wa dokotala wina amene anamwalira kale, ndipo ankaphunzitsa kuti m'thupi mumayenda mphamvu yochokera kwa Mlengi imene imatsekerezedwa fupa la msana likasuntha, kotero kuti pafupifupi matenda onse amachokera pamenepo. Atamangidwa mu 1906 chifukwa chochiza anthu popanda chilolezo, anafika polingalira zoti ntchitoyo ingolengezedwa kuti ndi chipembedzo. Mmalawi amene akukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, yemwe ankati anauzidwa mankhwalawo kumaloto, sangaone zachilendo m'mbiri imeneyi, ndipo n'zothandiza kukumbukira kuti kulandira mankhwala kwa mizimu si nkhani ya Afirika yokha.

Ntchitoyi sinazike mizu ku Malawi monga momwe yachitira ku South Africa, komwe imaphunzitsidwa ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, koma abale ake ali ponseponse mumzinda wa Blantyre: otikita minofu, asing'anga otemera mphini pamsana, ndi ogulitsa mafuta opaka amene zikwangwani zawo zimalonjeza kuthetsa msana, shuga ndi kusabereka nthawi imodzi. Onsewa ali ndi anthu oti angawachitire umboni, ndipo anthuwo sanama.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Bambo wonyamula matumba a chimanga mumsika wa Limbe akamva msana kuwawa, sapita kukafuna chithandizo tsiku loyamba. Amayamba wamwa Panado, kumanga chitenje m'chiuno, n'kupitiriza kugwira ntchito, ndipo amadzuka kukafuna thandizo pokhapokha ululu ukafika poti sangathe kuwerama kuti amange nsapato. Koma kupweteka kwa msana kwa mtundu wofala kumachepa kokha mwa anthu ambiri pakatha masabata angapo, ndipo munthu amene wafika pachimake pa ululu alibenso kolowera kwina koposa kupezako bwino. Chilichonse chomwe angachitiridwe tsiku limenelo, kaya ndi pemphero, mphini kapena jakisoni, chidzatenga ulemu wa kuchira komwe thupi likanadzichitira lokha. Kuwonjezera apo, amene sanachire saimirira mumpingo kudzanena, kotero omvera amangomva theka la nkhani. Wochirayo ndi mboni yoona pa zomwe zinamuchitikira, koma sangakhale mboni ya zomwe zikanachitika akanangogona kunyumba, pakuti njira imeneyo sanaiyende. Kafukufuku wogawa odwala m'magulu mwa maere anapangidwa kuti aonetse njira yosayendedwayo.

Zomwe kafukufuku wotere anapeza sizikondweretsa mbali iliyonse kotheratu. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kuunika kwa Sidney Rubinstein ndi anzake, komwe kunaphatikiza mayeso 47 a odwala msana wa nthawi yaitali opitirira 9,000, ndipo kunaonetsa kuti kuwongola msana kumathandiza mofanana ndi njira zina zovomerezeka monga masewero olimbitsa thupi, osaziposa kwenikweni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2023, linaika njirayi pakati pa zomwe zingaperekedwe kwa odwala oterewa. Koma pa matenda osakhudza msana chiphunzitso cha Palmer chinagwa: mu 1998 akafukufuku a ku Canada anayesa ana odwala mphumu, ena powawongola msana zenizeni, ena mongoyerekezera, ndipo panalibe kusiyana. Simon Singh atalemba mu nyuzipepala ya The Guardian mu 2008 kuti zonena zoti njirayi imachiza matenda ena a ana zilibe umboni, bungwe la British Chiropractic Association linamusumira, koma linausiya mlanduwo mu 2010.

Nkhani ya mtengo ndi imene imasandutsa funso la chidziwitso kukhala funso la chilungamo. Kafukufuku wa Daniel Cherkin ndi anzake ku Seattle, wofalitsidwa mu 1998, anagawa odwala 321 m'magulu atatu, ndipo pa zaka ziwiri wodwala aliyense wopita kwa owongola msana anadya ndalama pafupifupi madola 429, wopita kwa akatswiri a mafizo madola 437, pomwe wongopatsidwa kabuku ka malangizo anadya madola 153, chikhalirecho magulu awiri oyambawo anangoposa pang'ono gulu la kabuku pa kuchira. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa UK BEAM, wa mu 2004, anapeza kuti phindu lochepa la njirayi linali loyenerana ndi mtengo wake, koma anawerengera pa thumba la boma la Britain. Phindu lochepa lomwe dziko lolemera lingagule mosavuta limalemera mwina pa banja la ku Zingwangwa lomwe ndalama yake ndi yomweyo ya ufa, lendi ndi fizi.

Ngakhale zili choncho, pali mfundo imodzi imene owongola msana ndi otikita minofu sayenera kulandidwa. M'kafukufuku wa Cherkin, odwala amene anagwiridwa ndi manja anakhutira kwambiri ndi chisamaliro kusiyana ndi a kabuku aja, ndipo aliyense amene anaimapo pamzere wa chipatala chachikulu kuyambira m'bandakucha, n'kutuluka ndi kapepala ka mankhwala popanda womukhudza pomwe pakupweteka, angamvetse chifukwa chake. Kumvetseredwa ndi kukhudzidwa ndi zabwino pazokha, ndipo munthu ali ndi ufulu wozilipira malinga akudziwa kuti chomwe akugula n'chimenecho.

Malire a ufulu umenewu amaonekera pa msana umene sukupweteka chifukwa cha katundu. M'dziko momwe chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV zili zofala, wodwala amene msana ukumuwawa usiku, akutuluka thukuta, akuwonda, ndipo miyendo yayamba kuchita dzanzi, akhoza kukhala ndi TB ya m'mafupa a msana, imene imadya fupa mpaka kuliphwanya. Kukankha msana wotero kungapuwalitse munthu miyendo, ndipo miyezi yomwe amathera kwa otikita, akumva bwino pang'ono tsiku lililonse akatikitidwa, ndi yomweyo imene akanakhala atajambulidwa ku Gulupu n'kuyamba mankhwala omwe boma limapereka ulere.