Khadi losauma

Padangokhala anyamata awiri a bere limodzi, kwawo ku Dedza, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa London. Kumeneko mabasi adaleka kulandira ndalama zapamanja mu 2014, choncho onse awiri ankayendera khadi la Oyster, lija lobiriwira ngati mtambo, lomwe umangoligunditsa pa kachipangizo kachikasu n'kukwera basi kapena sitima.

Wamkulu ankathira yekha ndalama m'khadi lake. Lolemba lililonse ankaima pa makina a pasiteshoni n'kuikamo zokwanira sabata imodzi basi. Wamng'ono adalembetsa lake pa intaneti n'kulilumikiza ku akaunti yake ya kubanki, kuti ndalama zikatsika, khadilo lizidziwonjezera lokha mapaundi 20.

"Achimwene, mudzaima pamzere mpaka liti? Langali siliuma," adatero wamng'ono akuseka.

"Losaumalo likutunga kuti?" adafunsa mkulu wake. "Likutunga m'thumba mwako, komatu nkhope yako siliidziwa."

Mnyamatayo adangogwedeza mutu, amvekere achimwene ndi achikale.

Chaka chimenecho mlongo wawo ankakwatiwa, ndipo adagwirizana kuti wamng'ono ndiye apite kumudzi. Usiku woti mawa anyamuka, akuchokera kuntchito tulo tili m'maso, khadi lija lidapulumuka m'thumba la jekete n'kugwera pansi pa mpando wa basi. Ku bwalo la ndege adamuperekeza mnzake pagalimoto, ndiye sadalifune n'komwe. Mumtima mwake khadilo linali m'jekete lomwe adalikoleka kuseri kwa chitseko.

Adalitola ndi mkulu wina wamanja aatali. Atayesa pachipata cha sitima, chipata chidatseguka. Sichidamufunse dzina, sichidamufunse nambala yachinsinsi. Iye ankaganiza kuti pakatha masiku awiri ndalama zitha alitaye, koma adadabwa kuona kuti zikati zitsike, zikukweranso. Basitu adayamba kuyendera lomwelo m'mawa ndi madzulo, tsiku limene sakuchoka n'kubwereka anzake. N'zoona kuti pali malire a ndalama zimene khadi lingadulidwe patsiku, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ku Dedza mwini khadi anali pa chisangalalo. Adavina paukwati, adayendera abale, adakonzetsa denga la amayi ake. Mauthenga ankalowa pa imelo, iye osatsegula, poti adati zakuntchito zidikire.

Atabwerera patatha masabata asanu ndi limodzi, adapeza mwini nyumba akulusa kuti lendi sidalowe chifukwa mu akaunti munalibe zokwanira. Adapisa m'jekete, khadi mulibe. Atatsegula sitetimenti ya kubanki, thukuta lidamutuluka ngakhale kunja kunali chisanu: mapaundi 20, mapaundi 20, mapaundi 20, mzere kutsika mpaka tsamba lachiwiri.

"Achimwene, andibera!"

Mkulu wake adawerenga mwakachetechete, kenaka adati: "Inenso langa lidatayikapo chaka chatha. Wotolayo adadya zimene zinalimo, zitatha adalitaya, nkhani n'kuthera pomwepo. Chondiwawa n'chakuti lakoli linali lotetezeka kuposa langa. Poti udalilembetsa, ukadalitseketsa tsiku lomwelo, zotsalazo akadakusamutsira pa khadi lina. Koma ungatseketse bwanji chinthu chimene sukudziwa kuti chasowa?"

Usiku womwewo adalitseketsa. Mawa lake wotola uja adagunditsa pachipata, chipata chidakana, iye n'kuponya khadilo m'bini osataya ngakhale tambala. Mwini wake ndiye adagwira ntchito mausiku owonjezera mwezi wathunthu kuti abweze ngongole ya lendi. Khadi latsopano adalilumikizanso ku banki, koma tsopano ankaona akaunti yake sabata iliyonse, ndipo akati achoke ulendo wautali ankayamba wazimitsa zodziwonjezerazo.

Phunziro lake ndi ili: ntchito ukaitulira makina, maso usawatulire. Chimene wachilola kutapa ndalama zako popanda kukufunsa chidzatapiranso aliyense amene wachigwira, mpaka iwe mwini utachiletsa.