Masanje Alowa M'foni

Ana anga, kusewera si kutaya nthawi ayi. Munthu amaumbidwa posewera, ndipo makolo athu ankadziwa zimenezi pamene ankatisiya, chimanga chikalowa m'nkhokwe, kuti timange timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi n'kumachita masanje. Kumeneko wina ankakhala bambo, wina mayi wophika zokunkha m'timiphika, wina mfumu yoweruza milandu, ndipo waliwiro ankakhala fisi woba ndiwo. Koma dzuwa likapendeka, mfumu ija inkavula ufumu wake n'kukatsekera mbuzi, pakuti mudzi wonse unkadziwa kuti ndi mwana wa uje.

Lero masanje alowa m'foni. Facebook idayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009, TikTok n'kudzabwera pambuyo, ndipo mwana akangogula bandulo ya Airtel kapena TNM amadzisankhira dzina latsopano, amasalaza nkhope pachithunzi, n'kutsamira galimoto ya eni ake ngati kuti makiyi ali m'thumba. Ine sindimudzudzula, chifukwa nayenso akuyesa zimene tinkayesa ife, kufuna kuona kuti angakhale ndani. Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo alipo ambiri amene aphunzira kusoka, kuimba ndi kuchita malonda m'kafoni komweko.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti masanje amenewa alibe madzulo. Palibe mayi woitana kuti nsima yapsa, ndipo oonerera ndi alendo osadziwa ngakhale mfunda wako, amene amakulipira ndi malaiki. Makina ake nawonso ndi ochenjera: amaona chimene wachiyang'ana nthawi yaitali, n'kukubweretsera chofanana nacho, mawa china, mkuja china, mpaka uyambe kuganiza kuti dziko lonse ndi lotero. Mtsikana akaona kuti chithunzi choyeretsedwa chakondedwa kuposa nkhope imene adabadwa nayo, amayamba kukwiyira galasi. Mnyamata akatukwana wamkulu anthu n'kumuombera m'manja, mawa amawonjeza chipongwe, ndipo chimene chidayamba ngati sewero chimasanduka khalidwe lake. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, m'kati muli nyerere. Ndipo musaiwale kuti ku Malawi kuno kuli lamulo la 2016 loona za pa intaneti, limene ena adagona nalo m'chitokosi chifukwa cha zimene adalemba.

Eni ake a Facebook ndi TikTok adaika malire a zaka 13, koma mwana wa sitandade 5 amangonama chaka chobadwa n'kulowa, ife tili chete pakhonde, kukondwa kuti sakusokosa. Kuongola mtengo m'poyamba. Kumulanda foni sikumuphunzitsa kanthu, amakabwereka ya mnzake. Inu amene muli ndi mwana, khalani naye pamphasa, akuonetseni dzina limene amadzitchula kumeneko ndi anthu amene amacheza nawo, mumufunse chimene amawakondera. Mukatero, foniyo igone pa shelefu, mutulutse bawo, musewere naye.