WOGAWA NYAMA ATENGE MULU WOTSALA

Kwathu ku Dedza, anthu akaphera limodzi ng'ombe, wogawa nyama amagawira pabwalo onse akupenya, ndipo iye amatenga mulu wotsala. Ine ndikuti nzeru yomweyi ndiyo iyenera kutitsogolera podula malire a madera a aphungu.

Gawo 76 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a mu 1994, limati Bungwe la Zisankho lidule malire mosakondera, kuti madera akhale ndi ovota ofanana chiwerengero. Nzomveka: phungu mmodzi akaimira anthu ochepa, wina anthu ochuluka, ndiye kuti voti ya wina yalemera kuposa ya mnzake. Komatu gawo lomwelo limalolanso kuganizira za mayendedwe, mapiri ndi mitsinje. Amene watsikapo ku Khwekhwerere kupita ku Golomoti akudziwa chifukwa chake. Mlimi wa mbatata ku Bembeke ndi msodzi wa kwa Kachindamoto ali m'boma limodzi, koma mavuto awo ndi osiyana, ndipo pakati pawo pali phiri.

Tsono vuto lagona pamenepa. Masamu sanama, koma phiri likhoza kusanduka pobisalira. Wandale wochenjera anganene kuti "tatsata mtsinje" pamene watsata midzi imene imamuvotera. Chinyengo chimenechi nchakale: ku Massachusetts mu 1812, Bwanamkubwa Elbridge Gerry anavomereza malire okhotakhota okomera chipani chake.

Kuno madera anali 177 mu 1994, nakhala 193 mu 1999, ndipo pa chisankho cha 2025 anali 229. Pakati pa 1999 ndi 2025 chiwerengerocho sichinasinthe, chikhalirecho anthu anali kuchulukana ndi kusamukira m'matauni. Kusiya malire akale osawakhudza nakonso nkukondera.

Nanga chilungamo nchiti? Poyamba, wodya nawo asagwire mpeni. Nchifukwa chake lamulo limati Nyumba ya Malamulo ivomereze malire koma isawasinthe mwa iyo yokha. Mbuzi sasungitsa kwa fisi. Kachiwiri, paliponse pamene mzere wapatuka pa masamu, Bungwe linene chifukwa chake poyera, m'chilankhulo cha eni dera, mapu atapachikidwa kwa mfumu ndi pamsika nthawi yodandaula isanathe.

Ena adzati anthu akumudzi sadziwa kuwerenga mapu. Koma mayi amene amasenza dengu kukwera chitunda amadziwa kutalika kwa dera lake kuposa mlembi wa ku ofesi. Afunsidwe mpeni usanadutse.