Kodi Mtengo Wotsika Ndi Mwayi Nthawi Zonse?

Amayi anzathu, ambiri a ife kuno kwa Nsabwe timalakalaka kukhala ndi makina osokera pakhomo. Ntchito yothyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo imachuluka nthawi ya dzinja, koma chilimwe chikafika masamba amachepa ndipo aganyu ambiri amabwerera kumudzi. M'miyezi yotereyi makina amatithandiza kusoka yunifomu ya ana, kuika zigamba, kupinda zitenje ndi kuchepetsa zovala za kaunjika. Koma ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwambiri, choncho ambiri timasakasaka makina akale.

Kugula makina akale si kulakwa ayi. Makina achitsulo opalasa ndi miyendo, monga a Singer kapena Butterfly, safuna magetsi, ndipo akamathiridwa mafuta amakhala zaka zambiri. Lamba, singano kapena bobini zikatha timagula zina.

Funso lathu lagona pa munthu amene akugulitsayo. Telala sagulitsa makina ake chifukwa chokhuta. Kawirikawiri amakhala mayi wamasiye amene malemu amuna ake anali telala, banja limene lili ndi matenda, kapena amene sanachirebe chiwagwereni nyumba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikatha m'nkhokwe, munthu amavomera mtengo uliwonse. Tikanenerera mpaka theka la mtengo wake weniweni, ndalama imene tasungayo yachoka mu mphika wa mnzathu.

Ena anena kuti wavomera yekha, palibe wamukakamiza, ndiponso nafenso ndife osauka. Izi ndi zoona, ndipo kunenerera ndi mwambo wa pamsika. Komabe wamalonda wa ku Limbe kapena ku Luchenza angathe kutikanira lero nagulitsa mawa kwa wina, pamene mayi amene ana ake agona ndi njala sangathe kudikira mawa. Kuvomera kwa anthu awiriwa sikufanana. Umphawi wathu umatiloleza kufuna mtengo wabwino, koma sutiloleza kudyerera tsoka la mnansi.

Nanga tichite bwanji? Tifunse mtengo m'malo awiri kapena atatu kuti tidziwe chilungamo chake. Titenge telala wodziwa kuti ayese makinawo pa nsalu yopepuka ndi yolimba yomwe, onse awiri tikuona. Ngati ndalama zaperewera, tingabwereke ku banki m'khonde, kapena tigwirizane zolipira pang'onopang'ono pamaso pa mboni. Njira imeneyi kampani ya Singer inaiyamba kale mu 1856 ku America. Mwinanso tingawabwereke makinawo n'kumalipira mwezi ndi mwezi, kuti mwini wake asataye chomudyetsa. Ndipo mlendo akatibweretsera makina madzulo pa mtengo wodabwitsa, tifunse kumene wawatenga, kuopa kuti pali wina amene akulira kuti wabedwa.

Ife tikakhala ogulitsa, tinene zoona. Ngati makina amadumpha posoka kapena amadula ulusi, wogula adziwe asanapereke ndalama yake.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina ndife amene tidzasenze makina kupita nawo kumsika. Mtengo umene tidzafune kupatsidwa pa tsikulo, tiyeni tipereke womwewo kwa mnzathu lero.