Kodi Chopatsidwa Mwaulere Chilibe Mwini?

M'mayiko ambiri muli amisiri amene ntchito yawo ndiyo kulemba malangizo oyendetsera kompyuta, ndipo malangizowo akakwanira atchedwa pulogalamu. Amisiriwa ali ndi mwambo wokoma wa kuthandizana. Wina ikamkanika mfundo, afunsa anzake pa intaneti, ndipo munthu wa ku dziko lina, amene sanamuonepo ndi kale lonse, amlembera mizere isanu kapena khumi yomasula mfundoyo, osamlipiritsa ngakhale kakhobidi. Mizere yotereyi ikopedwa ndi anthu ambirimbiri nilowa m'mapulogalamu a m'masitolo, a m'zipatala ndi a m'mabanki. Tsono pabuka funso loyenera kuti munthu wa chikumbumtima alilingalire: kodi chinthu choperekedwa mwaulere pamaso pa onse chikhalabe ndi mwini wake, kapena chasanduka chotola?

Malamulo a mayiko adayankha kale mbali ina ya funsoli. Pangano la ku Berne, limene lidayamba mu 1886, liteteza zolemba za munthu ngakhale iye asanakazilembetse ku ofesi ili yonse. Ndipo pangano lina la mu 1996 lidatsimikiza kuti mapulogalamu a kompyuta atetezedwe monga momwe atetezedwera mabuku. Chotero munthu akaika zolemba zake poyera sanataye umwini wake, monganso mlimi woyanika chimanga pabwalo sanaitane odutsa kuti atape. Ndicho chifukwa chake amisiri ofuna kupatsa anzawo alemba kalata ya chilolezo, imene aitcha laisensi, yonena zimene wolandira aloledwa kuchita ndi zimene apemphedwa kusunga.

Makalata ameneŵa ali a mitundu ingapo. Ilipo laisensi ya MIT, yotchedwa ndi dzina la sukulu yaukachenjede ya ku America, imene ilola munthu kukopa, kusintha ndi kugulitsa komwe, koma imlamula kuti asachotse dzina la mwini ndi mawu a chilolezocho. Ilipo ina yotchedwa GPL, imene Richard Stallman adaitulutsa mu 1989, atayamba ntchito yake ya GNU mu 1983. Iyi iwonjeza lamulo lakuti wosintha pulogalamu ndi kuigawira ena awapatse ufulu womwewo umene iye adaulandira, osawabisira malangizo ake. Bungwe la Creative Commons, lokhazikitsidwa mu 2001, lidatulutsanso makalata ake mu 2002, ndipo ina mwa iwo ipempha zinthu ziwiri pamodzi: kutchula wolemba, ndi kugawira ena pa chilolezo chomwecho.

Zipatso za mwambowu zili m'manja mwa anthu ngakhale sazidziwa. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, adayamba kulemba Linux, ndipo mu 1992 adaiika pansi pa GPL. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana adawonjezapo ntchito yawo, podziwa kuti palibe amene adzaitsekera m'nkhokwe yake yekha. Ndipo lero mafoni a Android ayenda pa maziko a Linux yomweyo. Akuluakulu adanena kuti kupatsa n'kuika, ndipo apa mwambiwo waonekera poyera.

Koma ena atsutsa, nati: wokopa mizere sanamlande kanthu mwiniyo, pakuti mizereyo ikali m'kompyuta mwake monga kale, nanga kulakwa kuli pati? Kunena zoona, kukopa kusiyana ndi kuba mbuzi, imene ikachoka m'khola yachokeratu. Komabe mwiniyo sadapereke chinthu chokha ayi, adaperekanso mawu. Ndipo wolandira mphatso, nakana mawu amene idadza nawo, watenga chimene sadapatsidwe. Akafafaniza dzina la wolemba naonetsa ntchitoyo kwa bwana wake kapena kwa ogula ngati yakeyake, wawonjeza bodza pamwamba pa kusakhulupirika. Motero malamulo awiri a Mulungu, loletsa kuba ndi loletsa kunama, akhudzidwa ndi kachitidwe kamodzi.

Oweruza nawonso adafika pa mfundo yomweyi. Ku America kudali mlandu wa Jacobsen ndi Katzer, wokhudza pulogalamu yoyendetsera tisitima tapamtunda toseweretsa. Pulogalamuyo idaperekedwa mwaulere, koma zigawo zake zina zidatengedwa ndi kuikidwa m'katundu wogulitsa, mayina a olemba atachotsedwa. Bwalo loyamba lidaupeputsa mlanduwo. Koma mu 2008 bwalo la apilo lidagamula kuti mawu a chilolezo ali ndi mphamvu ya lamulo la umwini wa zolemba, ngakhale mwiniyo sadapemphe ndalama. Ndiye kuti mtengo wa ntchito ya munthu suyesedwa ndi ndalama zokha. Dzina lake ndi cholinga chake nazonso ndi malipiro.

Ena atinso: zimenezo n'za mapulogalamu aakulu, nanga mizere isanu yokha ili ndi kanthu? Zoonadi, ilipo mizere yaifupi ndi yodziwika kwa mmisiri aliyense, yosati n'kulembedwa mwa njira ina, imene lamulo siliiteteza. Ndiponso nzeru yokha ya kachitidwe, munthu akaimvetsa ndi kuilemba mwa iye yekha, ilibe mwini. Koma chikumbumtima sichiyamba pamene lamulo layambira. Mizere khumi ingathe kukhala chipatso cha masiku atatu a kusinkhasinkha, ndipo kulemba pambali pake dzina la wolemba ndi kumene idachokera sikutha ndi mphindi yomwe. Munthu woumira pa chinthu chotsika mtengo chotere aonetsa kuti chimene afuna si nthawi, koma ulemu wa mwini wake.

Ndiponso kutchula gwero kuteteza wokopayo ndi anthu amene awatumikira. Mizere yolembedwa ndi munthu ingakhale ndi cholakwa chobisika, ndipo kawirikawiri wolembayo kapena anzake achipeza pambuyo pake nachikonza. Amene adasunga njira yobwerera kugwero adzamva za kukonzako. Amene adaifafaniza adzakhalabe ndi cholakwacho, ndipo mnzake wodzalowa ntchito pambuyo pake sadzadziwa kofunsa. Chimodzimodzi wokopa osawerenga chilolezo angalowetse m'katundu wa bwana wake mizere ya GPL, bwanayo nadzapezeka ali ndi ngongole imene sadaidziwe. Paja safunsa adadya phula.

Wopatsa nayenso ali ndi udindo wake. Ayenera kunena momveka chilolezo chimene wapereka, kuti olandira asayende mumdima. Pakuti mphatso yosadziwika malire ake isanduka msampha. Ayeneranso kusankha kalata yoyenera, popeza a Creative Commons eni ake alangiza kuti makalata awo asagwiritsidwe ntchito pa mapulogalamu. Koposa zonse, asapereke chimene si chake: wolembedwa ntchito amene agawira anthu malangizo a kampani yake popanda kuloledwa sali wooloŵa manja, koma wopatsa za eni. Ndipo iwo osunga zolemba za anthu ambiri pamodzi asasinthe chilolezo mwa iwo okha osamva kwa olembawo, chifukwa wosungira mnzake katundu sasanduka mwini katunduyo.

Yankho la funsoli tsono nlakuti chopatsidwa mwaulere chili ndi mwini, ndipo ufulu wa wolandira uyenda pamodzi ndi mawu a wopatsa. Mwambo wa kuthandizana ukhala ndi moyo pokhapokha opatsa akhulupirira kuti mawu awo adzasungidwa ndi anthu amene sadzawaona konse. Akaona kuti mayina awo afafanizidwa ndi ntchito yawo yatsekeredwa, ambiri adzaleka kuyankha, ndipo woyamba kumva njala adzakhala wophunzira wosauka amene alibe ndalama zogulira mabuku kapena zolipirira mphunzitsi. Aphunzitsi ndi makolo a achinyamata ophunzira umisiriwu achite bwino kuwazoloŵeza zinthu zitatu akali aang'ono: kuwerenga chilolezo asanakope, kulemba dzina la amene adawathandiza, ndi kugawira ena monga iwonso adagawiridwa.